Chifukwa chiyani Thanzi ORS ali ndi mchere ndi shuga pamodzi? Mafunso ndi mayankho

Kodi selo imasankha bwanji zoti zilowe?

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo. Selo iliyonse inakutidwa ndi kanembanemba kopyapyala kwambiri, ka mafuta osanjikizana pawiri. Mpweya wa okosijeni umangodutsa. Mchere ndi shuga sizingadutse choncho, zimadikira pa timakomo tawo, tomwe ndi mapuloteni okhala m'nembanembamo, ndipo khomo lililonse limatsegulira mlendo wake yekha. Madzi nawo amathamangira kumene kwachuluka mchere kapena shuga. Wazani mchere pa tomato wodula, mudikire pang'ono, muona madzi atadzaza m'mbale. M'kalasi ya bayoloje amati osmosis.

Nanga kolera amawononga chiyani?

Poizoni wa tizilombo ta kolera amasiya khomo lina la m'maselo a m'matumbo lili pululu. Mchere umatayikira m'matumbo, madzi n'kuutsatira. N'chifukwa chake wodwala amatsegula m'mimba zamadzi ngati otsukira mpunga, maso n'kulowa m'kati, ndipo khungu mukalitsina limachedwa kubwerera. Ambiri tinaziona ndi maso athu pa mliri wa 2022 mpaka 2023.

Shuga akudzatani mu mankhwala a munthu wotsegula m'mimba?

Apa mpamene pagona nkhani. M'matumbo muli khomo lina lomwe kolera salifika. Khomoli limalowetsa mchere pokhapokha ukabwera limodzi ndi shuga, ndipo ziwirizi zikalowa, madzi amalowa nawo. Wasayansi wa ku America, Robert Crane, anafotokoza kagwiridwe kake mu 1960. Mu 1971, pamene madiripi anatha pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga. Omwalira anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Ine zimandikhudza kuti moyo wa mwana ungatsamire pa zinthu ziwiri zopezeka pa okala iliyonse.

Ndingawonjezere shuga kuti mwana amwe mosavuta?

Ayi, chonde musatero. Shuga akachuluka m'matumbo amakoka madzi kuchoka m'thupi, kutsegula m'mimba n'kukula. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimachita chimodzimodzi. Alimi amaudziwa bwino mchitidwewu: feteleza mukamuthira pa tsinde penipeni nthaka ili youma, chimanga chimapsa, chifukwa wakoka madzi a m'mizu.

Muyezo woyenera ndi uti?

Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Osagawa paketi, osachepetsa madzi. Akatsala pakatha maola 24, tayani musungunule ena. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi ikani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, osasefukira, uku mukukonzeka ulendo wa kuchipatala. Mwana apatsidwenso zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

Bwanji akamasanza?

Dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi supuni. Akalefukiratu kapena akalephera kumwa, musagone naye pakhomo. Ameneyo akufunika diripi.