Fungo la amoniya silithetsedwa ndi Jik

Abale athu ogwira ntchito m'nyumba za mabwana kuno ku Joni sasiya kundifunsa: "Achimwene, ndithiremo chiyani m'madzi a amoniya kuti asamanunkhe?" Ine ntchito yanga ndi yotsuka makapeti, ndipo yankho langa silisintha. Musathiremo kanthu. Fungo lija ndi amoniyayo akuuluka, ndipo limachepa mukachepetsa mankhwalawo ndi kulowetsa mphepo m'nyumba.

Ambiri mumachita kukhuthulira botolo la amoniya wa Scrubb's mu ndowa poganiza kuti akachuluka ndiye agwira msanga. Masupuni aakulu awiri pa kapu imodzi ya madzi ndi okwanira banga la magazi, dzira kapena masanzi a mwana. Madziwo akhale ozizira. Otentha amautsa amoniya, mpweya wonse n'kukuthirani kumaso, komanso amaphika magazi kuti akanirire mu ulusi. Nyowetsani kansalu koyera, dindani pabangapo kuyambira m'mphepete kulowera pakati, osakhula, ndipo osanyowetsa mpaka madzi kufika kunsi kwa kapeti, chifukwa kumeneko n'komwe fungo limagona sabata yonse.

Viniga woyera amathetsadi fungoli, koma amabwera pambuyo. Mukasakaniza viniga ndi amoniya mu ndowa imodzi, ziwirizi zimaphana mphamvu, mumatsala ndi madzi osachapa kanthu. Yambani mwachotsa banga, tsukuluzani ndi madzi okha, kenako dindani ndi viniga wosungunula, kapu imodzi pa makapu awiri a madzi. Pondani thawulo louma pamwamba, tsegulani mawindo, yatsani fani. Soda uja timathira m'therere sagonjetsa amoniya, pajatu onse ndi a mbali imodzi, si asidi ngati viniga. Perefyumu ndiye musayerekeze, mungopanga fungo lachitatu loipa kuposa awiri oyambawo.

Koma chomwe chimandiwawa ndi Jik. Jik akakumana ndi amoniya amatulutsa mpweya wotchedwa chloramine, womwe umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Akakumana ndi viniga amatulutsa chlorine, womwenso ndi poizoni. Ndipo sikuti mpaka musakanize mu ndowa ayi: kuthira Jik pamalo pomwe mwangopakapo amoniya n'chimodzimodzi. Onaninso zolemba pa botolo, chifukwa Handy Andy wina amakhala ndi amoniya kale.

Mayi wina wakwathu, wogwira ntchito pa fulati ina cha ku Randburg, anachita zimenezi mwezi wa Julaye. Galu wa adona anakodza pa kapeti ya kuchipinda. Iwo anapakapo amoniya, fungo linakula, anaopa kukalipiridwa, anathirapo Jik. Kunja kunali chisanu chija cha kuno, mawindo onse otseka, hita ikuyaka, iwo atagwada nkhope ili pafupi ndi kapeti. Maso anayamba kulasa, chifuwa chinabanika, koma anamaliza kaye ntchito. Atafika kunyumba mnzawo anawauza kuti amwe mkaka, poizoniyo atsika. Mkaka umapita m'mimba, mpweyawo uli m'mapapo, zikumana kuti? Anagona, n'kudzuka pakati pa usiku akulephera kupuma, ndipo anthu anachita kuwanyamula kupita nawo kuchipatala. Anachira, koma anakhala masabata osagwira ntchito, ndipo malowo anapeza atalembapo wina. Ataonana nane anandiuza kuti chinawachedwetsa n'kuopa kufunsidwa mapepala.

Mpweya umenewu umatha kudzaza madzi m'mapapo patapita maola angapo, munthu akuona ngati zapita. Mukaupuma tulukani panja nthawi yomweyo, ndowayo isiyeni, sambani m'maso ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kutsokomola kukapitirira, kapena mukamamva kulira m'chifuwa popuma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula mabotolo onse awiri kuti adokotala aone. Pa foni ya m'manja nambala yoitanira thandizo pa ngozi, 112, imalowa ngakhale mulibe eyataimu. Amene muli ndi mphumu, amoniya musamugwire n'komwe.

Nanga aja ogulitsa "mankhwala a kapeti" m'mabotolo a Coke pafupi ndi malenki a matekisi mu tawuni? Botolo lopanda dzina, madzi obiriwira kapena apinki, onunkhira ngati maluwa. Mukafunsa kuti muli chiyani, yankho ndi loti "ndi amphamvu, sisi". Mwiniwakeyo sadziwa chomwe wasakaniza, ndiye inu mudziwa bwanji chimene simuyenera kuphatikizapo? Ndiponso m'nyumba mwa ana, botolo la Coke mwana amalidziwa ngati chakumwa.

Za mkodzo wa galu kapena mphaka, amoniya ndi mankhwala olakwika kuyambira pachiyambi. Mkodzo ukakhalitsa umatulutsa amoniya wokha, ndiye chiweto chikanunkhiza pamenepo chimabwerera kudzakodzanso. Gulani mankhwala olembedwa enzyme, m'mashopu a ziweto amapezeka, muwasiye agwire nthawi yomwe yalembedwa pa botolo.

Kapeti ya ubweya wa nkhosa, kapena aja a Persian omwe mabwana a ku Sandton amayala pabalaza, amoniya amawononga ulusi wake ndi kusukulutsa utoto, wofiira n'kulowerera m'malo oyera. Zikatero ngakhale makina athu sangabweze. Ngati simukudziwa kuti kapetiyo ndi ya nayiloni kapena ya ubweya, funsani adona, kapena yesani kadontho pakona yobisika kuseri kwa sofa, mudindepo kansalu koyera muone ngati katenga utoto.