Nkhandwe Imene Sinatchulidwe M'buku

Makolo akabwera kudzatenga ana awo pakutha pa tsiku, ambiri amandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mwanayu ndimupezere buku liti loti limuphunzitse khalidwe?" Funsoli ndimalimva bwino, chifukwa palibe kholo losafuna mwana waulemu ndi wachifundo. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuwerengera ana a zaka 3 mpaka 6, ndaona kuti buku lolalikira khalidwe poyera ana sachedwa kuliiwala. Limene amalikakamira mpaka chikuto kuthothoka ndi lija lowasiyira ntchito yoti aone okha.

Pali kabuku kotchedwa Rosie's Walk, kamene Pat Hutchins anatulutsa mu 1968. Mawu ake onse ndi 32 okha, chiganizo chimodzi basi. Amangonena kuti nkhuku yathadzi, dzina lake Rosie, inapita kokayenda, n'kudutsa apa ndi apo, kenako n'kubwerera kwawo nthawi ya chakudya itakwana. Pazithunzi ndiye pali nkhani ina. Kumbuyo kwa nkhukuyo kukubwera nkhandwe, ikunyang'ama. Ikati idumphe, yaponda chokokolera zinyalala, mpini n'kuimenya kumaso. Ikayesanso, yagwera m'dziwe. Kenako yamira mumulu wa udzu, yakhuthukiridwa ufa, mpaka pomaliza njuchi zikuipirikitsa. M'mawu onse aja, nkhandweyo sinatchulidwe ngakhale kamodzi.

Mukamawerengera ana kabukuka, maso anu amakhala pa zilembo, awo ali pa zithunzi. Ndiye amayamba kukuwa, kuloza, ena kudzuka pamene akhala kuti aichenjeze nkhukuyo. Mwana wa zaka 4 wazindikira chinthu chimene mawu sananene, chimene ngakhale wamkulu amene akuwerengayo akuoneka ngati sakuchidziwa. Tsiku limenelo waphunzira kuti zimene munthu wauzidwa si nkhani yonse, ndiponso kuti maso ake ndi oyenera kuwakhulupirira. Palibe amene wamuuza zimenezi, ndipo n'chifukwa chake sadzaziiwala.

Umu ndi mmene buku labwino la zithunzi limagwirira ntchito. Ofotokoza nkhani amakhala awiri, mawu ndi chithunzi, ndipo sabwerezana. Wachitatu ndi dzanja lotembenuza tsamba. Ambiri mwa mabukuwa amakhala ndi masamba 32, chifukwa osindikiza amapinda pepala lalikulu n'kupanga masamba 8 kapena 16 nthawi imodzi. Pokhala malo ndi ochepa chotero, wolemba waluso amasunga chodabwitsa kuseri kwa tsamba, kuti mwana adikire, aganizire, kenako aone ngati analondola.

Buku limene ine ndimalikonda kuposa onse ndi Where the Wild Things Are, la Maurice Sendak, la mu 1963, limene chaka chotsatira linalandira mendulo ya Caldecott, mphoto ya ku America yolemekeza wojambula zithunzi za m'buku la ana. Mnyamata wina dzina lake Max wavala chovala chonga mmbulu ndipo wasokoneza m'nyumba. Atayankha mayi ake mwamwano, am'tumiza kokagona osadya. Kuchipindako mkwiyo ukadali pakhosi, m'maganizo mwake mukumera nkhalango. Akwera bwato, akafika kudziko la zilombo zoopsa, azigonjetsa pongoziyang'anitsitsa osaphethira, n'kukhala mfumu yawo.

Tayang'anani bwino zimene Sendak anachita ndi zithunzi. Koyambirira chithunzi n'chaching'ono, chazunguliridwa ndi malo oyera. Mkwiyo ndi maloto a Max zikamakula, nacho chithunzi chikukula, mpaka chidzaza masamba onse awiri, mawu n'kusowa malo. Masamba 6 otsatizana alibe liwu ndi limodzi lomwe, koma Max ndi zilombo zake akuvina, akukuwa, akulendewera m'mitengo. Kenako watopa, wasungulumwa, akufuna kukhala pamene pali womukonda. Zithunzi zikuyamba kuchepanso. Atabwerera kuchipinda, apeza chakudya chikumudikira patebulo, ndipo tsamba lomaliza, lopanda chithunzi, limangotiuza kuti chinali chikadali chotentha.

Mayi ake a Max saoneka pa chithunzi chilichonse. Max sanapepese, ndipo palibe amene anamukhazika pansi kuti amulangize. Pamene bukuli linkatuluka, akuluakulu ena anadandaula kuti liziopseza ana. Ine ndaona zosiyana. Mwana aliyense anakwiyirapo mayi ake mpaka kunjenjemera, ndipo pansi pa mkwiyowo pamakhala mantha amene sangathe kuwatchula: kodi mmene ndalakwamu, andikondabe? Mbale yotentha ija ikuyankha funsoli. Chilango chinalipo, koma chikondi sichinachoke. Nthawi zambiri ana amene amavuta m'kalasi ndi omwe amandipempha kuti ndiwawerengerenso bukuli, ndipo pofika patsamba lomaliza amakhala duu.

Mabuku ena ndi opepukirako. The Very Hungry Caterpillar, la Eric Carle, la mu 1969, lili ndi timabowo m'masamba momwe mwana amapisamo chala potsatira mbozi imene ikudya zipatso. Akuphunzira kuwerenga manambala ndi masiku a pamlungu osadziwa n'komwe. Loweruka mboziyo idya mosadziletsa, m'mimba n'kuipweteka, ndipo simufunika kuwonjezapo ndemanga. Potsiriza ituluka m'chikwa ili gulugufe wokongola.

Liliponso lina limene anthu ambiri amalitamanda koma ine limandipatsa maganizo: The Giving Tree, la Shel Silverstein, la mu 1964. Mtengo ukonda mnyamata, um'patsa zipatso zake, kenako nthambi, kenako thunthu, mpaka utsala chitsa chimene iye adzakhalapo atakalamba. Ena amati likuphunzitsa kupatsa mopanda kuwerengera. Ine ndimaonamo munthu wongolandira, wosabweza kanthu. Sindilibisa ayi, ndimawawerengera ana okulirapo, koma ndikamaliza ndimawafunsa ngati mnyamatayo anachita bwino. Mkangano umene umabuka pamenepo ndi wokoma kuposa phunziro lililonse limene ndikanawakonzera. Wina amaikira kumbuyo mtengo, wina amati mtengowo ukanakana, wina amangomvera chisoni onse awiri.

Nanga inu kunyumba muchite bwanji? Chachikulu n'kusathamanga. Mukamaliza mawu a patsamba, musatembenuze msanga, chifukwa mwanayo akadali pakati powerenga chithunzi. Mufunseni chimene akuona, chimene akuganiza kuti chichitika, kapena chifukwa chake uyu wakwinya nkhope. Akayankha zimene simunayembekezere, musafulumire kumukonza. Mufunseni waona pati. Akatswiri a maphunziro a ana, monga Grover Whitehurst ndi anzake cha m'ma 1980, anasonyeza kuti kuwerenga kokambirana kotereku kumathandiza ana aang'ono kudziwa mawu ambiri kusiyana ndi kungowawerengera iwo ali chete.

Chimene ndimapempha kwambiri n'chakuti mukatseka buku musamufunse kuti, "Ndiye waphunzirapo chiyani?" Funso limeneli limasandutsa nthawi yokoma kukhala mayeso, ndipo mwana amangoyankha zoti akusangalatseni. Akabwera nalo buku lomwelo mawa, mkuja ndi mtondo, ngakhale inu mwafika poliloweza pamtima, mulandireni. Pali kanthu kamene akukafunafuna m'menemo. Ulendo woyamba ankaona nkhandwe yokha. Ulendo wachisanu ndi pamene adzayambe kuiyang'anitsitsa nkhuku ija, n'kukufunsani ngati inkadziwa kuti ikutsatidwa.