Uphunzitsi wa ODL si wongophunzira pa foni muli gone pakhomo

Funso ili latopetsa, koma silikutha kubwera: "Aphunzitsi, ndingapeze bwanji pepala la uphunzitsi pa intaneti, osapempha tchuthi kuntchito?" Ofunsawo ndi anthu a maganizo abwino, amayi ogwira ntchito m'mashopu mu Mzuzu muno, abambo a ukalaliki m'maofesi, ena ophunzitsa kale m'sukulu zomwe si zaboma ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa koma alibe pepala. Cholakwika n'chimodzi. Akamva kuti ODL, kutanthauza maphunziro ochitira patali, amaganiza kuti zonse zithera pa WhatsApp ana atagona. Ayi ndithu. Uphunzitsi woti osaimapo pamaso pa ana, choko chili m'manja, kulibe.

Poyamba dziwani komwe mukulowera. Ngati mukufuna kuphunzitsa ku pulayimale, njira yake ndi kosi ya IPTE, zaka ziwiri kudzera ku TTC, sukulu yophunzitsa aphunzitsi, monga ya Karonga kapena ya Kasungu, ndipo mayeso ake ndi a MANEB. Imeneyo imafuna munthu wathunthu, si ya woti Lolemba akapezeke kuntchito. Khomo lotsegukira anthu apantchito ndi la ku sekondale. Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, pa Luwinga pompa, ili ndi maphunziro a uphunzitsi a ODL, komanso malo ophunzirira ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje. Domasi College of Education ku Zomba nayo yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi patali kwa zaka zambiri. Wokhala ku Mzuzu ali ndi mwayi woti anzake a ku Chitipa kapena ku Likoma alibe: pa masabata okumana ndi alekichala angathe kugona kwawo, n'kumangokwera kabaza.

Za MSCE sindichedwapo. Makirediti 6, Chingerezi chili pomwepo, ndipo kirediti imathera pa 6. 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti mphunzitsi wa ku sekondale amaphunzira maphunziro oti akaphunzitse, choncho kirediti iyenera kukhala m'maphunziro omwewo. Simungafune kukaphunzitsa masamu muli ndi 7 ya masamu. Ngati pakusowa, lowani sekondale ya Open, mulembenso, m'malo motaya ndalama ya fomu. Werenganinso chilengezo cha chaka chimenecho kuti muone ngati akulola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri.

Tsopano nkhani ya masiku, yomwe imagwetsa anthu. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wogwira masiku 5 pa sabata tchuthi cha masiku 15 pa chaka, wogwira masiku 6 amapeza 18. Semesita iliyonse imafuna kuti mupezeke pamaso kawiri: poyamba, pomwe alekichala amatsegula ma module ndi kupereka ma assignment, ndiye kumapeto, pa mayeso. Pa chaka ndiye kanayi. Tengani kalendala ya sukuluyo musanalipire, muwerenge masikuwo, muone ngati 15 aja akukwana. Kawirikawiri sakwana, ndipo apo sitinawerengere maliro kumudzi kapena mwana kugonekedwa m'chipatala. Kabisireni bwana wanu lero, mudzaulula nokha mayeso atafika. N'kwabwino kulemba kalata msanga, mugwirizane ngati masiku otsalawo mudzabweza Loweruka kapena akudulani malipiro.

Koma chondiwawa kwambiri ndi TP, nthawi yoyeserera kuphunzitsa m'kalasi yeniyeni. Pali mtundu wa wophunzira yemwe amakhoza bwino chaka ndi chaka, fizi walipira movutikira, mwina ya ku banki mkhonde, kenaka n'kuima pa khomo lomaliza. Chifukwa chake? TP imafuna kuti mukhale pa sukulu ya sekondale temu yathunthu, masabata oposa 10, Lolemba mpaka Lachisanu, muli ndi kalasi yanu, sikimu ndi ma lesson plan olembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo alekichala amabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumakupatsani malikisi. Yemwe akuphunzitsa kale zimamupepukira. Koma wa ku banki, wa mu shopu, wa ku chipatala, temu yonse aitenga kuti? Bwana amene ankalola masabata awiri sangalole miyezi itatu. Munthu uja amati ndidzachita chaka chamawa, chaka chamawa chifika mwana wamkulu walowa Fomu 1, ndalama zapita uko, ndipo sukulu iliyonse ili ndi malire a zaka zoti munthu amalize. Mapeto ake ali ndi mulu wa zotsatira zabwino koma pepala alibe. Izi zimapeweka. TP ikonzekereni kuyambira chaka choyamba: dziwani kuti idzagwa semesita iti, sungani ndalama ya lendi ndi ufa ya miyezi itatu ngati tchuthicho chidzakhale chopanda malipiro, ndipo yambani kudziwana ndi ahedi a CDSS yapafupi ndi kwanu. Mukadikira kalata ya TP kuti muyambe kuganiza, mwachedwa kale.

Pakhomo napo pafunika mgwirizano, osati kungolengeza. Ine ndimalangiza maola osachepera 12 pa sabata: ola limodzi ndi theka m'mamawa masiku apakati pa sabata, otsalawo Loweruka. M'mamawa, chifukwa madzulo mukakhala mwaweruka, mwaphika, mwaona makope a ana, mutu sugwira kanthu. Mu June ndi July kuno kudzuka 4 koloko si masewera, ndikudziwa, koma ma assignment sadziwa chisanu. Ndani asambitse ana, ndani akawatule kusukulu pa masabata a mayeso, zikambidwe poyera ndi amuna anu kapena akazi anu. Ma module atsitseni onse tsiku lomwe netiweki ili bwino, ofunika kwambiri musindikize, chifukwa magetsi akathima foni nayo imagona. Assignment musaitumize usiku wa tsiku lomaliza. Aliyense amathamangira nthawi yomweyo, bandulo n'kukutherani pakati. Mukatumiza, jambulani umboni. Malikisi akasowa pa zotsatira, tsatirani semesita yomweyo, osati pomaliza maphunziro.

Ndiye pali akamberembere. Chilengezo chikuzungulira pa Facebook, akuti dipuloma ya uphunzitsi m'miyezi 6, palibe mayeso, palibe TP, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu. Sukulu yeniyeni siilandira fizi pa nambala ya munthu, ndipo malo sagulitsa kudzera mwa "wodziwana ndi akuluakulu". Musanatulutse ngakhale K1,000, fufuzani ku NCHE, bungwe lomwe limavomereza masukulu aukachenjede m'dziko muno. Funsani zinthu ziwiri, pakuti n'zosiyana: ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka. Sukulu ingathe kuloledwa kuphunzitsa za bizinesi koma za uphunzitsi ayi. Pepala lochokera kunja nalonso lidzafunika kuunikidwa komweko, ndiye funsani musanayambe, osati mutavala kale gauni. Kumbukiraninso kuti a Teachers Council of Malawi ndiwo amalembetsa aphunzitsi, ndipo adzayang'ana komwe pepalalo lachokera.

Akamberembere ena ndi aja olembera anthu ma assignment. Amagulitsa ntchito imodzi kwa anthu asanu, lekichala n'kuziona zikufanana mpaka zolakwika zomwe. Ngakhale musagwidwe, mayeso mudzalemba nokha, ndipo pa TP ana a Fomu 3 adzafunsa funso limene wolemba uja sadzakhalapo kuti ayankhe.

Chomaliza, musasiye ntchito tsiku lolandira pepala. Boma limalemba aphunzitsi malo akapezeka, kudzera ku Teaching Service Commission, ndipo kudikira kumakhalapo. Likakulembani lingathe kukutumizani ku Wenya kapena ku Euthini, osati ku Katoto. Zimenezo muuzane m'banja fomu isanadzazidwe.