Chiwawu cha poplar: tsamba limaphika, wina n'kumadya

Amene analimapo soya kapena nyemba amachidziwa chiwawu, timatuza tija tosiya ufa m'zala ukakhudza kunsi kwa tsamba. Mitengo ya poplar, yomwe ku Ulaya amapangira machesi, mapepala ndi mabokosi, ilinso ndi chiwawu chakechake. Kumeneko wovuta kwambiri ndi fangasi wotchedwa Melampsora larici-populina.

Fangasi ameneyu sapha tsamba msanga ayi, chifukwa amadya chamoyo basi. Kanjere kake kakatera pa tsamba lonyowa ndi mame, kamamera n'kulowera pa timabowo tomwe tsamba limapumira. Kakalowa kamayala timizu pakati pa maselo, n'kulowetsa timilomo toyamwira m'maselowo osawapha. Tsamba limapitiriza kupanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa, koma shugayo, m'malo motsikira ku thunthu ndi kumizu, amathera kwa mlendoyo.

Pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, timatuza tachikasu timaboola khungu la kunsi kwa tsamba. Apa m'pamene vuto limakula. Tsamba labwino limatseka timabowo take dzuwa likaswa mtengo kuti lisunge madzi, koma khungu long'ambika silingatsekeke, ndiye madzi amangotuluka. Kubiriwira kumachepa, chakudya chopangidwa chimachepanso, ndipo tinjere tatsopano timauluka ndi mphepo kukayambanso pa masamba ena. Timapita kutali ndithu: chiwawu cha poplar chinapezeka ku Australia mu 1972, pofika 1973 chinali chitawoloka nyanja kufika ku New Zealand.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si mawangawo, koma kuyoyoka kwa masamba nthawi isanakwane. Kumapeto kwa nyengo yotentha ndi pamene mtengo umasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu pokonzekera chisanu. Masamba akagwa msanga, umalowa m'chisanu nkhokwe ili pululu, nsonga zake zimapsa ndi kuzizira, ndipo chaka chotsatira umaphuka mofooka. Zikabwerezeka zaka zingapo, tizilombo ndi matenda ena zimaupeza utafooka kale.

Fangasiyo amagonera m'masamba ogwa, kenako amadutsira pa mtengo wa larch, wofanana ndi paini, asanabwerere ku poplar. Pa larch m'pamene amaberekana n'kutulutsa mitundu yatsopano, n'chifukwa chake akatswiri amaletsa kudzala mitengo iwiriyi moyandikana. Alimi a ku France ndi Belgium anadalira kwambiri mtundu wa poplar wotchedwa Beaupré poti sunkagwidwa chiwawu. Mu 1994 kunabuka fangasi wotha kuugwira, ndipo anapeza minda yambirimbiri ili ndi mtundu umodzi womwewo.