Kodi Ahindu sadziwa chisomo?

Ambirife tinakula tikumva kuti m'Chihindu zonse ndi karma: chomwe wafesa ndicho ukolole, Mulungu alibe nazo kanthu. Karma ilipodi, koma kunena kuti Ahindu sadziwa chisomo n'kuwanamizira. Ali nawo mawu ake, kripa ndi anugraha, ndipo akhala akutsutsana za chisomo kwa zaka mazanamazana.

Kum'mwera kwa India, ku Tamil Nadu, kunali alakatuli 12 otchedwa Alvar, amene ankaimbira mulungu wawo Vishnu molira ngati munthu wosowa wokondedwa wake. Mmodzi mwa iwo, Andal, anali mkazi. Pambuyo pake Ramanuja, mphunzitsi wa pa kachisi wa Srirangam amene mwambo umati anamwalira mu 1137, anaphunzitsa kuti munthu amamasuka podzipereka kwa Mulungu, chifukwa cha chifundo cha Mulunguyo.

Otsatira ake anadzagawikana pawiri, ndipo mkangano wawo ndiwo umandisangalatsa kwambiri. A Vadakalai amati munthu ali ngati mwana wa nyani: make amamunyamula, koma nayenso azigwiritsitsa ubweya wa pamimba, apo ayi agwa. A Tenkalai amati ayi, ali ngati mwana wa mphaka: make amangomugwira ndi mano pakhosi n'kumapita, iye ali lende, miyendo ili m'malere, osachitapo kanthu. Onsewa savutana pa mfundo yoti wonyamula ndi mayi, kutanthauza Mulungu.

Palinso darshan. Mhindu akamapita kukachisi amapita kukaona mulungu wake ndi kukaonedwa naye, maso ndi maso. N'chifukwa chake pokhazikitsa chifanizo chatsopano pamakhala mwambo wapadera wotsegula maso ake.