Mwasamuka koma mtima sunalowe m'nyumbamo? Musathamangire kogula zinthu

Ntchito yanga ndi yokonza mkati mwa nyumba za anthu, koma mafoni ambiri amene ndimalandira si a anthu ofuna makatani okongola ayi. Amakhala a munthu amene wangosamuka kumene, patha masabata awiri kapena atatu, katundu yense analowa, makiyi ali m'thumba, koma akuti mtima sukukhazikika, akungomva ngati mlendo amene akudikira eni nyumba abwere adzamuuze pogona. Nde funso lake limakhala loti ndigule chani kuti muno muzimveka ngati kwathu. Yankho langa ambiri silimawasangalatsa, ndimati musagule kanthu kaye.

Vuto silikhala katundu, limakhala m'mutu, ndipo sindikunena mokuluwika. Mu 1971 John O'Keefe wa ku University College London anapeza kuti mu ubongo wa khoswe, pa kachigawo kotchedwa hippocampus, muli maselo amene amadzuka pokhapokha khosweyo akafika pamalo enaake, akasuntha amadzuka ena. Ndiye kuti ubongo umajambula mapu a malo amene ukukhala. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway, ndipo anthufe tili nawonso maselo ogwira ntchito chonchi. Kunyumba yakale mapu anu anali athunthu, mumadzuka pakati pa usiku mumdima wa ndiweyani n'kukafika ku bafa osagunda mpando, dzanja limapeza swichi lokha inu muli m'tulo. Kuno kwatsopano chilichonse ndi funso. Sizasi ili kuti, tchaja ndinaika katoni iti, chitseko ichi chimatsegukira mkati kapena kunja. Timafunso ting'onoting'ono koma tikachuluka tsiku lonse madzulo mumapezeka mwatheratu osadziwa kuti mwagwira ntchito yanji. Sofa yatsopano singayankhe mafunso amenewa, imangowonjezera chinthu china chachilendo m'nyumba yachilendo kale.

Ine ndimayambira kuchipinda chogona, nthawi zonse, ngakhale pabalaza pakhale potsekeka ndi makatoni mpaka kudenga. Akatswiri a tulo anazindikira kale mu 1966 kuti munthu akagona malo achilendo usiku woyamba tulo take timakhala tosokonekera, moti ofufuza ambiri zotsatira za usiku woyambawo amangoziika pambali. Mu 2016 ofufuza a ku Brown University ku America anaona chimene chimachitika: mbali ya kumanzere ya ubongo imagona mopepuka kuposa inzake, imakhala ngati mlonda, kaphokoso kachilendo kakangomveka imakudzutsani msanga. Choncho ngati mwakhala mukudzidzimuka ndi kulira kwa mapaipi kapena chitseko cha aneba, simukudwala, mlonda wanu sanakhutire kuti malowo ndi abwinobwino.

Kumuthandiza mlondayu n'kosavuta. Bedi likhale chinthu choyamba kumangidwa, musanatope, osati 11 koloko usiku mukusakasaka zomangira ndi tochi ya pa foni. Yalani zofunda zanu zakale, mapilo omwe aja, ngakhale bulangeti lija latha ubweya, ndipo ngati zili zoyera musazichape dala tsiku losamuka. Anthu amadabwa ndikanena izi koma nkhani ndi fungo. Nyumba iliyonse ili ndi fungo lake, lanu simulimva chifukwa mphuno inazolowera, mumangolimva mukabwera kuchokera ku ulendo wautali. Ndipo fungo lili ndi njira yachidule kwambiri yopita kumbali za ubongo zimene zimasunga zikumbukiro ndi mantha, nchifukwa chake kafungo kena kamatha kukubwezerani ku ubwana musanaganize n'komwe. Nyumba yatsopano imanunkha penti, mankhwala okolopera, kapena anthu amene anatulukamo. Pilo wanu wakale ndi kachidutswa kokhako ka kwanu kamene mphuno ingakazindikire usiku umenewo. Sopo, mafuta odzola, zonsezi musasinthe mwezi woyamba.

Poika bedi, kumutu kukhale khoma lolimba ndipo mukagona muzitha kuona chitseko. Mu 1975 katswiri wa za malo wa ku England, Jay Appleton, anafotokoza ganizo loti munthu amamasuka pamalo pamene akuona patali koma iye kumbuyo kwake kuli kotetezeka. Ndi ganizo chabe, si lamulo, koma pa ntchito yanga ndaliona likugwira kambirimbiri, ngakhale pa mpando wa pabalaza: umene wapatsa chitseko msana umangokhala poikapo zovala, palibe amaukhalira. Ndipo pazenera la kuchipinda pakhale chotchinga usiku woyamba womwewo, kaya ndi nsalu wamba yokoleka pa chingwe, zilibe kanthu.

Tsopano za kulongosola katundu, apa mpamene anthu amalakwitsa chifukwa chofuna kuchita bwino. Amatenga Loweruka limodzi n'kupatsa chilichonse malo ake motengera mmene zikuonekera, osati mmene iwo amayendera. Mayi wina amene ndinkamuthandiza anakhoma kokolekapo makiyi kokongola zedi kuseri kwa chitseko, koma tsiku ndi tsiku makiyi amapezeka pamwamba pa filiji, nde amakangana ndi amuna awo kuti ndinu osalongosoka. Nditayang'ana ndinaona kuti bambowo amalowa atanyamula zikwama manja onse, chitseko amakankha ndi phazi, malo oyamba otula katundu ndi pafupi ndi filiji. Tinangoika kambale pamenepo basi, mkangano unathera pompo. Ndiye ine ndimati sabata yoyamba dzioneni kaye. Nsapato mukuvulira pati, chikwama chikugwera pati, foni mukuitchaja pa soketi iti. Pamene chinthu chikugwera chokha mpamene pali kwawo, inu ntchito yanu ndi kungoikapo dengu, shelefu kapena msomali. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene amagula makabati sabata yoyamba nthawi zambiri amagula a saizi yolakwika n'kuwaika polakwika.

Lamulo lina limene ndimatsatira ndi loti chinthu chizikhala pamene chimayamba kugwira ntchito. Makapu pafupi ndi ketulo, mipeni pamene mumadulira, matawulo kubafa osati m'kabati ya kuchipinda china. Zimene mumagwira tsiku lililonse zikhale pakati pa chiuno ndi maso, zolemera pansi, za kamodzi pachaka pamwamba. Mukasankha malo, musamasinthesinthe. Phillippa Lally ndi anzake, a ku University College London komweko, anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera kachitidwe katsopano, ndipo anapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66 kuti chinthu chizichitika chokha osaganizira, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Zija amati kuzolowera kumatenga masiku 21 zija iwalani. Mukamasamutsa masipuni sabata iliyonse ndiye kuti mukufufuta mapu amene ubongo wangoyamba kujambula, ndipo ngati m'nyumbamo muli ana kapena agogo iwo ndi amene amavutika kwambiri. Kumata timapepala pa zitseko za makabati kolemba zimene zili mkati kumaoneka ngati zachibwana koma kumathandiza, mudzachotsa pakatha mwezi.

Makatoni osatsegula ndi nkhani ina. Mu 2010 Darby Saxbe ndi Rena Repetti anafalitsa zimene anapeza pa mabanja 30 a ku Los Angeles, anawapempha kuti ayende m'nyumba zawo akufotokoza mmene akuzionera. Azimayi amene ankatchula kwambiri za kuunjikana kwa katundu ndi ntchito zosamaliza, cortisol wawo, homoni ya kupanikizika ija imene imayenera kukwera m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka, sankatsika bwino, ndipo madzulo ankakhala okhumudwa kuposa anzawo. Katoni ili pakona imakhala ikukukumbutsani ngongole nthawi zonse mukaiona. Simungamalize zonse tsiku limodzi, zoona, koma mungathe kusankha kumene maso aziona. Makatoni onse otsala apite chipinda chimodzi kapena pakona imodzi, mutseke kapena mufundike, ndipo malizani malo amodzi kwathunthu, ngakhale ndi kampando kamodzi ndi katebulo kake, kuti pakhale poti mukakhala simukuona ntchito. Kumwaza makatoni awiriawiri chipinda chilichonse ndi kumene kumapangitsa munthu kukhala chaka chathunthu ngati ali pa ulendo.

Kuwala ndiye kumene ndimalola kuti muwonongeko ndalama msanga, chifukwa nyumba zambiri mumazipeza ndi babu limodzi pakati pa denga, loyera mbee ngati muofesi, limaonetsa chilichonse mofanana ndipo nkhope za anthu zimaoneka zotopa. Pa paketi ya babu pamakhala nambala yothera ndi K. Ya 6500K ndi kuwala koyera kopita ku buluu ngati masana, ya 2700K ndi kofiirira ngati dzuwa likamalowa. Kuwala kwamphamvu koyera usiku kumachedwetsa melatonin, homoni imene imauza thupi kuti yakwana nthawi yogona. Choncho kuchipinda ndi pabalaza ikani a 2700K kapena 3000K, oyera aja asiyireni kukhitchini ndi pogwirira ntchito. Ndipo nyale ziwiri zazifupi, ina pakona ina pambali pa bedi, zimasintha chipinda kuposa penti yatsopano, ndikunenetsa.

Phokoso nalo. Chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu, mukatsokomola chimakuyankhani, nchifukwa chake chimamveka chozizira ngakhale kukutentha. Makatani, kapeti, mabuku pashelefu, chilichonse chofewa chimameza mawuwo.

Za maluwa ndinene chilungamo poti anthu amakonda kundiuza kuti amayeretsa mpweya, NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga lija, inatero. Zoona NASA inachita kafukufuku mu 1989, koma munali m'timabokosi totsekeka osati m'nyumba. Mu 2019 ofufuza a ku Drexel University atawerengetsa anapeza kuti mungafunike zomera 10 mpaka 1000 pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mmene mpweya umasinthira wokha m'nyumba wamba. Ndiye mpweya wabwino ndi kutsegula mawindo, makamaka ngati apenta kumene, ndipo muziyang'ana chinyontho kuseri kwa makabati ndi pansi pa sinki chifukwa chikapitirira 60 peresenti chuku sichichedwa kumera, kabati isagunde khoma, siyani kampata kolowa dzanja. Komabe duwa limodzi ndimalimbikitsa, pa chifukwa china: limafuna kuthiriridwa, limakupangitsani kudziwa zenera limene dzuwa limalowera m'mawa, mumayamba kuidziwa nyumbayo ngati mmene mumadziwira munthu.

Zithunzi ndi zokongoletsa zibwere pomaliza. Tengani tepi yoyezera, podutsa anthu pasiyidwe masentimita 90 ngati malo alola, pakati pa sofa ndi katebulo pafupifupi 45, ndipo pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 kuchokera pansi, ambiri amakhoma m'mwamba kwambiri mpaka munthu kuchita kukweza khosi. Musanakhome tsamiritsani chithunzicho kukhoma masiku angapo muone ngati mukuchiyang'anadi mukamadutsa, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi funsani kaye eni ake za misomali, ena amalola timbedza tomata tokha. Chimodzi chokha ndimati chituluke m'katoni tsiku loyamba lomwe, chija mumachiona m'mawa uliwonse kunyumba yakale, kaya ndi wotchi yakukhoma, kaya chithunzi cha ana, muchiike poti mukatsegula maso chizikhala mbali yomwe ija chinkakhala.