Uthenga wochenjeza za madzi ukakhala wopanda tsiku, dikirani kaye musanautumize

Mvula yayambanso kuno ku Zomba ndipo magulupu a WhatsApp ayamba kale kuwira. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, aja timangoti ma VCPC, kafalitsidwe ka uthenga madzi akamabwera, ndiye pali chinthu chimodzi chomwe chimandisowetsa mtendere dzinja lililonse.

Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, usiku wina azakhali anga a ku Jali ananditumizira kavidiyo ka mlatho ukukokoloka, pansi pake atalemba kuti "mwanawanga uwauze anthu asayende". Nditakayang'anitsitsa ndinakazindikira, ndinali nditakaonapo kale mu 2019 nthawi ya namondwe wa Idai ndipo mlathowo sunali wa kuno n'komwe. Azakhaliwo sananame, anali ndi mantha komanso amafuna kupulumutsa anthu. Koma taganizani banja lomwe nyumba yayamba kulowa madzi, likufuna kuthawira kusukulu ya kumtunda, kenako laona kavidiyo kameneka n'kuganiza kuti njira yaduka, basi n'kukhala pansi kudikira kuche. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno tikaphatikiza omwe sanapezeke, ndipo pa ngozi ngati imeneyo ola limodzi lokayikakayika ndi lalikulu zedi.

Ndiye uthenga wabwino umaoneka bwanji? Uzinena wolankhula ndi ndani, tsiku ndi nthawi, malo enieni potchula dzina, komanso choti munthu achite pompano. Mwachitsanzo: "Ndine wapampando wa komiti ya mudzi uno, lero Lachiwiri pa 14, nthawi ili 9 koloko usiku. Likangala wadzaza ndipo akukwerabe. Amene muli m'mbali mwa mtsinje samukirani kusukulu ya pulayimale pano, tengani ana, mankhwala ndi ziphaso, katundu musiyeni." Siwautali ayi, koma aliyense wadziwa ngati ukumukhudza. Pamene uthenga woti "abale samalani kunja kwaopsa" umangowonjezera mantha, munthu wa ku Chinamwali ndi wa ku Kachulu onse auwerenga chimodzimodzi pomwe mavuto awo ndi osiyana, wina akuopa miyala yogumuka m'phiri wina akuopa nyanja ya Chilwa kusefukira.

Pa zonsezi tsiku ndiye limaiwalika kwambiri, makamaka pa ma voice note. Ine voice note ndimaikonda chifukwa agogo osatha kuwerenga amamva okha, komanso mawu a amfumu anthu amawazindikira n'kuwakhulupirira. Vuto lake ikangochoka pagulupu yoyamba imayenda sabata yathunthu, mwinanso kudzatulukira chaka chamawa ngati yatsopano. N'chifukwa chake pophunzitsa ndimakakamira kuti mawu oyamba penipeni akhale dzina la udindo, tsiku ndi malo, moni abwere pambuyo. Ndipo mukaona uthenga uli ndi kachizindikiro kaja ka "Forwarded many times", dziwani kuti wadutsa m'manja ambiri ndipo amene wakutumizirani mwina sakumudziwa anauyambitsa.

Ife a m'maofesi tilinso ndi mbali yathu yofunika kukonza. Chizolowezi chodikira kuti lipoti likwanire, abwana asainire, kenako tilengeze, chimasiya mpata ndipo mpata umenewo mphekesera ndi zomwe zimadzazamo. Tiyerekeze wina walemba pa Facebook kuti damu la Mulunguzi, la pamwamba pa phiri la Zomba, lang'ambika, tauni yonse ingadzuke pakati pausiku, poti kuno nkhani ya Napolo wa 1946 timakula nayo. Yankho lofunika pamenepo ndi lachangu ngakhale lili losakwanira: izi tatsimikiza, izi tikufufuzabe, tibweranso 10 koloko. Ndipo 10 koloko ikakwana mubweredi olo palibe chatsopano, chifukwa anthu akakupezani chete kamodzi amabwerera kwa uja wa mphekesera.

Komanso tisadzinamize kuti foni ndi zonse. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 magetsi anavuta dziko lonse, mafoni ankathima, ndipo kumudzi ambiri ali ndi kafoni kamabatani kopanda bandulo. Choncho uthenga ukafika pa WhatsApp wina auchotse mufoni n'kuupititsa pa chimkuzamawu, pa wezulo, belu la kutchalitchi, sipika ya kumzikiti, ngakhale kugogoda khomo ndi khomo kwa okalamba ndi olumala. Wailesi ya mabatire ikadali yodalirika, MBC, Zodiak, YONECO FM ndi Chanco Community Radio zimamveka madera ambiri a boma lino.

Inuyo uthenga ukakupezani, onani kaye ngati a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) kapena a nthambi yoona zanyengo anena zofanana pa masamba awo, apo ayi imbirani munthu amene ali pamalopo mumufunse zomwe akuona ndi maso ake. Koma ngati madzi mukuwaona nokha akukwera pakhonde, musadikire foni, nyamukani. Azakhali anga aja pano akalandira kavidiyo amayamba andiimbira kufunsa kuti ndi ka liti, ndipo nambala ya wapampando wa komiti ya m'mudzi mwawo anailemba ndi khala pakhoma pafupi ndi chitseko.